Mafunso ndi mayankho: kuyenda pa msewu waukulu nthawi imene akuukonza

M'dziko muno misewu ikuluikulu ndi yowerengeka, ndipo m'madera ambiri msewu wa phula ndi umodzi basi. Ntchito yokonza ikayamba, makina ndi magalimoto amagawana malo omwewo. Kwina amakuimikani, kwina amakuuzani kuti muchepetse liwiro, kwina mumatsika phula n'kulowa m'fumbi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka m'maminibasi, pa depoti ndi pamzere wodikira mbendera. Zitsanzo zambiri zachokera pa M1, makamaka ntchito imene inakhazikitsidwa mu 2022 ya makilomita pafupifupi 300: kuchokera pa mphambano yopita ku bwalo la ndege la Kamuzu kukafika ku Kasungu, Kasungu kukafika ku Jenda, Jenda kukafika pa mphambano ya ku Mzimba, komanso Kacheche kukafika ku Chiweta. Ndalama zake zinachokera ku ngongole ya European Investment Bank ndi thandizo la European Union.

Ziletso zimenezi amaika ndani? Ndi lamulo kapena amangopempha?

Misewu ikuluikulu, imene nambala yake imayamba ndi M, ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2006. Bungweli ndi limene limapereka ntchito kwa kontrakitala, n'kuikanso mainjiniya oyang'anira ntchitoyo tsiku ndi tsiku. Asanatseke mbali iliyonse ya msewu, kontrakitala amayenera kulemba dongosolo la mmene magalimoto aziyendera: potseka ndi pati, popatukira ndi pati, zikwangwani ziima pati, nanga oimika magalimoto akhala angati. Injiniya woyang'anira akavomera m'pamene zikwangwani zimazikidwa.

Choncho chikwangwani cha pamalo a ntchito si pempho. Lamulo la pamsewu la mu 1997 limafuna kuti dalaivala azimvera zizindikiro za pamsewu, ndipo apolisi akhoza kukulipiritsani chindapusa mukachinyozera. Mukalipira, musachoke opanda lisiti la boma.

Chikwangwani cha kanthawi ndingachizindikire bwanji?

Ndi chikasu. Malawi amatsatira zizindikiro za m'chigawo cha SADC, ndipo mwa dongosolo limenelo zikwangwani zochenjeza ndi zoletsa liwiro za masiku onse zimakhala zoyera mkati, pamene za kanthawi zimakhala zachikasu. Mukaona chakale chikuti 80 koma chachikasu chikuti 40, cholamula ndi chachikasucho.

N'chifukwa chiyani amatiimika nthawi yaitali chonsecho kutsogolo sikukuoneka galimoto?

Funso ili ndi limene limayambanitsa anthu ndi oimika magalimoto, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti mbali imodzi ya msewu yatsekedwa pa mtunda wa makilomita 3, ndipo magalimoto akuyenda pa liwiro la makilomita 30 pa ola. Galimoto imodzi imafuna mphindi 6 kuti ituluke tsidya linalo. Inu mwafika atangotembenuza chikwangwani kukhala chofiira. Galimoto yomaliza ya mbali yanu ikufunika mphindi 6 kuti ituluke. Ikatuluka, a tsidya lija amatsegulira awo, ndipo tinene kuti mzere wawo utenga mphindi 5 kuti wonse ulowe. Yomaliza mwa iwo ikufunikanso mphindi 6 kuti ifike pamene mwaima inupo. Mphindi 17 zakwana popanda wina kulakwitsa kanthu. Pakakhala thiraki yodzaza simenti imene ikukwawa pa chitunda, nthawiyo imaposa pamenepo. Ndipo pa mphindi 17 zija, zoposa theka mumakhala mukuyang'ana msewu wopanda kanthu, chifukwa magalimoto ali kuseri kwa khona kumene inu simukuona.

Munthu wa mbendera uja alibe mphamvu yokutsegulirani mwa chifundo. Amadikira mnzake wa tsidya linalo amuuze pa wailesi ya m'manja kapena pa foni kuti galimoto yomaliza ndi yakuti, ya mtundu wakuti, ndipo iye amatsegula akaiona ikudutsa ndi maso ake. Ambiri mwa anthu amenewa ndi anyamata ndi atsikana olembedwa m'midzi ya pafupi. Mukamuyang'anitsitsa muona kansalu komwe wamanga kumphuno kasanduka kofiira ndi dothi, nsidze zayera, botolo la madzi waliika pamthunzi wa diramu kuti lisatenthe. Waima pamenepo kuyambira m'mawa. Kumukalipira kuti "tatsegulani apa inu, tikuchedwa" sikufupikitsa makilomita 3 aja.

Chimene chimatalikitsadi nthawi ndi galimoto yodumpha mzere. Imodzi ikangolowa mokakamiza, imakakumana ndi mzere wa tsidya lina pamalo pomwe awiri sangapatsane njira. Kumanzere kuli dzenje lokumbidwa, kumanja kuli mulu wa miyala. Wina ayenera kubwerera chambuyo, ndipo ngati winayo ndi thiraki yokoka ngolo, anthu onse, kuphatikizapo wodumphayo, amakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Kuthamanga sikufika.

Mukaima, siyani mpata pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo, kokani handibuleki, ndipo musapange mzere wachiwiri kumanja chifukwa kumeneko ndiko kotulukira anzanu. Apaulendo akatsika kukagula chimanga chootcha kapena nthochi, atsikire kumanzere ndipo asatalikire.

Msewu ukuoneka kuti watha, wosalala bwinobwino. Bwanji sakuutsegula?

Chifukwa chimene mukuonacho nthawi zambiri si msewu womalizidwa. Msewu wa phula umamangidwa mosanjikiza. Pansi penipeni pali dothi la pamalopo, lomwe gireda imasalaza ndipo rola imatsendera. Pamwamba pake amayala dothi lamiyala losankhidwa, kenako miyala yogaya kapena dothi losakaniza ndi simenti, ndipo gawo lililonse amalithira madzi, kulitsendera ndi kuliyeza ngati lalimba mokwanira asanaike lina. Gawo losakaniza ndi simenti limafuna pafupifupi masiku 7 likunyowetsedwa kuti ligwire. Konkire ya pa mlatho kapena pa kalavati imafika mphamvu yake yoyezera pa masiku 28. Galimoto yolemera ikadutsapo msanga imasiya ming'alu imene diso silingaione tsiku limenelo, koma madzi a mvula adzaipeza.

Kenako pamabwera phula lamadzimadzi lopyapyala, lija limanyezimira lakuda bii, anthu n'kumati msewu watha. Ntchito yake ndi kumata gawo lapansi ndi phula lenileni lomwe likubwera. Matayala akapondapo lisanaume amalinyamula n'kusiya mabala, ndipo galimoto yanu imatuluka itadetsedwa m'mbali monse ndi madontho osachoka ndi sopo. Pamalo pamene pasendekapo, phula lomaliza silimata bwino. Maenje ambiri amene amatuluka msewu usanathe zaka ziwiri amayambira pa zinthu ngati zimenezi, ngakhale kuti nthawi zina vuto limakhaladi la mmisiri.

N'chifukwa chake mumaona miyala, nthambi za minga kapena madiramu atandandalikidwa pa gawo looneka lokongola. Woyendetsa njinga yamoto kapena minibasi amene amachotsa miyalayo madzulo antchito akaweruka amaganiza kuti wapulumutsa mphindi zochepa, koma akuononga msewu umene adzaudandaule yekha.

Liwiro la 30 kapena 40 pa msewu waukulu, si kungozunza anthu kumeneko?

Pa makilomita 5, woyenda pa 40 amatenga mphindi 7 ndi theka, woyenda pa 80 amatenga mphindi zosakwana 4. Kusiyana kwake sikufika mphindi 4. Koma woyenda pa 80 amadutsa mamita 22 pa sekondi iliyonse, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti galimoto iime mutaponda mabuleki umawirikiza kanayi. Pamiyala yosagwira umatalika kuposa pamenepo chifukwa matayala amangoseseleka. Pamalo a ntchito pamakhala munthu wogwada akuyeza ndi chingwe, tipa yobwerera chambuyo, ndi mwana wasukulu amene njira yake yakale yatsekedwa. Liwiro lija analiikira anthu amenewo.

Mwala wandiswera galasi lakutsogolo. Alipira ndani?

Nthawi zambiri mumalipira nokha, pokhapokha ngati inshuwalansi yanu ili yoteteza galimoto yonse. Inshuwalansi imene lamulo limakakamiza aliyense kukhala nayo imateteza anthu ena amene mungawavulaze kapena kuwaonongera katundu, osati galimoto yanu. Pamene pali chikwangwani chochenjeza za timiyala tosagwira, n'kovuta kuimba mlandu kontrakitala. Nkhani imasintha ngati mwagwera m'dzenje lokumbidwa lomwe analisiya lopanda chizindikiro chilichonse. Zikatero jambulani malowo ndi foni musanachotse galimoto, lembani tsiku, nthawi ndi dzina la malo, katengeni lipoti la apolisi, kenako kadandauleni molemba kwa injiniya woyang'anira ntchitoyo.

Podziteteza, talikiranani ndi galimoto yakutsogolo, ndipo chepetsani liwiro pokumana ndi thiraki. Mwala umaswa galasi chifukwa cha liwiro la nonse awiri.

Dayiveshoni yakumbika, mabampu okhaokha. Kodi kontrakitala alibe udindo?

Ali nawo, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amangopirira zinthu zosayenera kupirira. Msewu wopatukira ndi gawo la ntchito imene kontrakitala amalipidwa. M'mapangano a ntchito zikuluzikulu za misewu mumakhala ndime yokhudza kusamalira magalimoto nthawi ya ntchito, ndipo imamufuna kuti azisalaza dayiveshoni ndi gireda, azithira madzi ndi bauza, aike makalavati pamene madzi amadutsa, ndi kubwezeretsa zikwangwani zikagwa kapena zikabedwa. Ine ndimaona kuti ngati dalaivala akulipiritsidwa chindapusa chifukwa chonyozera chikwangwani, kontrakitala amene wasiya dayiveshoni milungu yathunthu osaipala ayeneranso kufunsidwa. Ziletso zimalemekezeka mbali zonse ziwiri zikamasunga pangano.

Kodandaula kulipo. Choyamba ndi ku ofesi ya injiniya woyang'anira, yomwe kawirikawiri imakhala pa kampu ya ntchitoyo, ndipo dzina la kampani yoyang'anira limalembedwa pa chikwangwani chachikulu chimene chimaima poyambira ntchito. Pa ntchito zolipiridwa ndi mabungwe akunja pamakhalanso makomiti olandira madandaulo m'midzi, momwe mumakhala anthu a m'deralo. Kukalephereka kumeneko, pitani ku ofesi ya DC kapena lemberani Roads Authority. Dandaulo lotchula malo enieni, monga kuti pakati pa Mponela ndi Madisi pafupi ndi sukulu yakuti, ndi tsiku lake, limamveka kuposa longoti msewu waipa.

Ife tili m'mbali mwa dayiveshoni, fumbi latikwana. Tingatani?

Apaulendo amapuma fumbi mphindi zingapo n'kupita, koma inu mumagona nalo. Ufa woyanika pa mphasa umasanduka wofiirira usanaume, zovala zochapa zimada zili pa chingwe, masamba a m'dimba amakutidwa, ndipo ana ndi okalamba amatsokomola usiku wonse. Wodwala mphumu ndiye amavutika koposa. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, bauza ikathira madzi m'mawa, pofika masana pauma kale, choncho kuthira kamodzi patsiku pamalo a anthu ambiri n'kosakwanira.

Kambiranani ndi amfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'dera lanu kuti mupite limodzi kwa injiniya. Pemphani zinthu zotchulika: kuthira madzi kangapo patsiku pa msika, pa sukulu ndi pa chipatala, mabampu oikidwa ndi kontrakitala okhala ndi chikwangwani, ndi malo oolokera ana. Musakumbe ngalande kapena kuunjika miyala nokha pa msewu. Zimenezo usiku zimagwetsa wa njinga yamoto, ndipo kawirikawiri wogwayo amakhala mwana wa m'mudzi momwemo.

Nanga oyenda pansi, a kabaza ndi a ngolo?

Awa ndi amene amaiwalika kwambiri. Pa M1 anthu oyenda pansi ndi pa njinga ndi ochuluka zedi, makamaka tsiku la msika, ndipo chimodzi mwa zolinga za ntchito ya 2022 chinali kukulitsa msewu ndi kuika mapewa a phula kuti iwo akhale ndi poyenda. Koma nthawi ya ntchito mapewa akale aja ndi amene amayamba kukumbidwa, ndiye mayi wosenza mtolo wa nkhuni, mwana ali kumbuyo, amapezeka akupanikizana ndi thiraki pa kanjira kamodzi.

Woyenda pansi ayende moyang'anana ndi magalimoto, ndiye kuti kumanja kwa msewu, popeza kuno magalimoto amayenda kumanzere. Asadutse kumbuyo kwa makina. Woyendetsa rola kapena katapila saona munthu amene waima pafupi kumbuyo kwake, ndipo phokoso la injini limamulepheretsa kumva kukuwa. Wa kabaza, kaya wa njinga yakapalasa kaya yamoto, nayenso amaima pa mbendera yofiira. Wa njinga yakapalasa ndi wa ngolo ya ng'ombe amachedwa kutuluka m'chigawo chotsekedwa, choncho ndi bwino kumuuza wa mbendera kuti adziwitse mnzake, kapena kufunsa ngati pali kanjira kam'mbali. Makolo aziwaperekeza ana aang'ono masiku oyamba njira yakusukulu ikasintha.

Madalaivala, mukaloledwa kulowa, musaganize kuti njira yonse ndi yanu. Kutsogoloko kukhoza kukhala njinga imene inalowa ndi mzere wapitawo ndipo sinatuluke.

Kodi pali njira ina yozembera malo a ntchito?

Zimatengera kumene mukupita. Wochoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu akhoza kupatuka pa Kanengo kutsata M14 mpaka ku Salima, kenako M5 kudutsa Nkhotakota, Dwangwa ndi Nkhata Bay. Njirayi ndi yotalikirapo, ili ndi malo opapatiza ndi milatho ina yodutsa galimoto imodzi, ndipo imadukaduka mvula ikachuluka, monga zinachitikira ku Dwangwa mu February 2024. Nayonso imakhala ndi zigawo zimene akukonza, choncho funsani kaye musanaisankhe. Pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, ngati vuto lili cha ku Zalewa kapena Phalula, mukhoza kudzera M3 ku Zomba ndi Liwonde, kenako M8 kudutsa Balaka n'kukalowanso M1 pa Chingeni. Wochokera kumwera kupita ku Mchinji safunika kulowa mu mzinda wa Lilongwe, chifukwa pali msewu wolambalala wochokera pa mphambano ya ku Bunda kukalumikiza M12.

Mu mzinda zinthu zimasiyana. Pamene ntchito yokulitsa msewu wa Kenyatta kukhala wa mizere 6 inayamba mu 2021, magalimoto ambiri anathawira m'timisewu ta m'malokeshoni, timene sitinamangidwire mathiraki. Mukalowa m'njira zoterezi kumbukirani kuti mwalowa pakhomo pa anthu, pomwe ana amasewera.

Mapu a pa foni musawakhulupirire kwambiri. Amatha kukuonetsani njira yachidule imene mlatho wake ndi wamitengo.

Bwanji ku Chiweta kumavuta kuposa kwina?

Chifukwa kulibe kothawira. Msewu umatsika phiri mokhotakhota kupita kunyanja, mbali ina kuli thanthwe, mbali ina kuli chigwembe, ndiye palibe malo okumbapo dayiveshoni. Komanso ndi njira yomwe mathiraki a mafuta ndi katundu wochokera ku Dar es Salaam kudzera pa chipata cha Songwe amadutsa, kuphatikizapo onyamula malasha a m'derali. Msewu wa Gorodi, wotsika kuchokera ku Livingstonia kupita ku Chitimba, sungakhale njira yozembera, chifukwa ndi wopapatiza ndi wa makona akuthwa moti basi kapena thiraki yaikulu singadutseko. Pamalo ngati amenewa amisiri amagwira theka la msewu, theka linalo n'kumadutsitsa magalimoto mosinthana, ndipo pogumula miyala amatha kutseka konse kwa kanthawi.

Woyendetsa galimoto yolemera atsike ndi giya yotsika, yoyendera pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba. Akadalira mabuleki okha, amafika pa mzere woima mabuleki atatentha, ndipo kutsogolo kwake kuli minibasi yodzaza anthu. Mukaima pa chitunda kumbuyo kwa thiraki, siyani mpata waukulu chifukwa imabwerera pang'ono ponyamuka.

Usiku, antchito ataweruka, ziletso zimagwirabe ntchito?

Inde. Dzenje silitsekeka dzuwa likalowa. Usiku ndi nthawi yoopsa kwambiri chifukwa fumbi limabweza kuwala kwa nyali, mizere yoyera kulibe, ndipo m'mphepete mwa phula latsopano mumakhala potsika mwadzidzidzi. Vuto lina ndi kuba zikwangwani. Anthu ena amazula malata ndi zitsulo zake kukapangira mbaula, zitseko kapena makasu, ndipo dalaivala wobwera usiku amangozindikira ali pa mulu wa dothi. Wogula mbaula yopangidwa ndi chikwangwani adziwe kuti pamalo pamene chinachokapo pakhoza kufa munthu. Ngati ulendo ungadikire, nyamukani m'mamawa kusiyana ndi kudutsa malo a ntchito mumdima.

Nyengo ya mvula ntchito imaima. Bwanji osangotsegula msewu wonse?

Imene imaima ndi ntchito ya dothi ndi phula, chifukwa dothi lonyowa kwambiri silitsendereka ndipo phula saika pamadzi. Koma magawo osamalizidwa amakhala ofooka kwambiri nthawi imeneyi, ndiye kuwatsegula n'kuwapha. Kontrakitala wanzeru amayesetsa kumata ndi phula chigawo chimene wayamba mvula isanafike mu Novembala, ndipo sakumba mtunda wautali woti sangaumalize.

Kuyambira Disembala mpaka Malichi dayiveshoni imaterera, makamaka pa dothi lofiira la katondo. Thiraki imodzi ikatitimira, msewu wonse watsekeka. Madzi akasefukira pa dayiveshoni kapena pa mlatho wongoyembekezera, musaoloke. Madzi othamanga ofika m'maondo amakankha galimoto yaing'ono, ndipo simungadziwe ngati pansi pake pakadali msewu. Namondwe Ana mu January 2022 anadula M1 ku Chikwawa, ndipo Freddy mu March 2023 anakokolola misewu ndi milatho yambiri m'chigawo chakumwera. Zikatere ziletso zimabwera mwadzidzidzi, nthawi zina ndi malire a kulemera kwa galimoto yololedwa pa mlatho wongoyembekezera. Malire amenewo si oti dalaivala akambirane ndi woyang'anira pa mlatho.

Ndanyamula wodwala. Ndidikirebe?

Yatsani mahazadi, pitani wapansi kwa wa mbendera kapena tumani wina, mufotokoze. Iye akhoza kuuza mnzake kuti aimike mbali inayo, njira ikangoyera mudutse oyamba. Musalowe nokha, chifukwa mukakumana ndi mzere pakati, wodwalayo achedwa koposa. Ambulansi ikamveka, finyikirani kumanzere. Mayi woyembekezera amene masiku ake ayandikira, ndipo njira yakuchipatala ikudutsa pamalo a ntchito, ndi bwino apite kuchidikiro msanga.

Okala yanga ili m'mbali mwa msewu ndipo andiuza kuti ndichoke. Ndilandira chipukutamisozi?

Pa misewu ikuluikulu malo a msewu ndi mamita 60, ndiye kuti mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati. Ntchito isanayambe, akuluakulu a zamalo pamodzi ndi a ofesi ya DC amayendera ndi kulemba nyumba, mitengo, minda ndi malo a malonda amene akhudzidwe, ndipo pamakhala tsiku lotsekera kalembera. Chomangidwa tsikulo litadutsa sichilipiridwa. Ngati munalembedwa, sungani pepala lililonse limene munasainira, ndipo funsani kuti ndalamazo zawerengedwa bwanji musanagwetse chilichonse. Ngati anakudumphani chonsecho munalipo kale, pitani ku komiti ya madandaulo ndi umboni wa amfumu. Dothi kapena miyala ikatengedwa m'munda mwanu, pangano likhale lolembedwa, ndipo linene kuti dzenjelo adzalikwirira. Maenje osiyidwa amadzaza madzi m'dzinja ndipo ana amamiramo.

Timalipira pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke. Bwanji tikuyendabe m'fumbi?

Ndalama za pa zipatazi, zomwe zinayamba kugwira ntchito kumapeto kwa 2021 ndi kumayambiriro kwa 2022, zimapita ku bungwe la Roads Fund Administration, pamodzi ndi msonkho wa misewu umene uli mu mtengo wa lita iliyonse ya mafuta. Ndi zokonzera misewu, ndipo msewu sukonzeka popanda kuutseka mbali ina. Funso loyenera wolipira kufunsa ndi lakuti ndalamazo zakonza chigawo chiti, ndipo chatha liti.

Ankati miyezi yowerengeka, koma zaka zikutha. Chimachedwetsa n'chiyani?

Zifukwa zimasiyana ntchito ndi ntchito, koma zina zimabwerezabwereza. Phula, zitsulo ndi zipangizo za makina zimachokera kunja, ndiye ndalama zakunja zikasowa katundu safika. Dizilo akasowa, gireda, rola ndi matipa zonse zimaima. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo imene anagwirizana poyamba inafunika kuunikidwanso. M'mizinda, mapaipi a madzi, mapolo a magetsi ndi zingwe za intaneti ziyenera kusunthidwa kaye makina asanalowe. Chipukutamisozi chikachedwa, kontrakitala sangagwire pamalopo. Palinso kuchedwa kwa malipiro, kuba dizilo ndi simenti pa kampu, ndi makontrakitala ena amene amangotenga ntchito yoposa mphamvu zawo.

Zifukwa zimenezi zikhoza kukhala zoona, koma sizichotsa udindo wosamalira njira imene anthu akudutsa. Ntchito ikaima miyezi itatu, bauza ndi gireda za pa dayiveshoni zisaime nawo. Ndipo anthu ayenera kuuzidwa tsiku latsopano lomalizira m'malo momangoona chikwangwani cha tsiku lomwe linadutsa kale.

Ndingadziwe bwanji za kutsekedwa kwa msewu ndisananyamuke?

Roads Authority imalengeza m'nyuzipepala, pa wailesi ndi pa tsamba lake la Facebook, ndipo apolisi ndi makhonsolo amalengezanso za m'mizinda. Uthenga wa pa WhatsApp muziuona tsiku lake, chifukwa zithunzi za mlatho umene unaduka zaka zapitazo zimazungulirabe mvula ikangoyamba. Nkhani yatsopano kwambiri imakhala ndi madalaivala a mabasi ndi makondakitala amene angofika kumene pa depoti. Nthawi ya msika wa fodya, kuyambira cha mu Epulo, mathiraki opita ku Kanengo ndi ku Chinkhoma amachulukitsa mzere. Ngati mukuthamangira ndege, mayeso kapena tsiku la kuchipatala, onjezerani ola kapena kuposerapo pa nthawi imene munazolowera, thirani mafuta okwanira, ndipo tengani madzi akumwa.

Galimoto yandifera pakati pa chigawo cha njira imodzi. Nditani?

Yatsani mahazadi nthawi yomweyo. Ngati ingakankhike, ikankhireni pamalo otakasuka, koma osati pa phula laliwisi kapena m'mphepete mwa dzenje. Tsitsani apaulendo onse aime kutali ndi njira, mbali imene kulibe makina. Ikani mathirayango awiri, ina kutsogolo ina kumbuyo, patali ndithu kuti wobwera aione nthawi ikadalipo, makamaka ngati pali khona kapena fumbi. Tumani uthenga kwa wa mbendera kudzera mwa dalaivala woyamba amene angathe kudutsa, kuti aimike mbali zonse ziwiri ndi kuitana kapitawo, chifukwa kontrakitala amakhala ndi makina otha kukukokani. Ngati munaika nthambi kapena miyala yotchingira matayala, zichotseni zonse musanachoke.